Msoko wa Pansi pa Phazi

Mu shopu ya matelala ija munali makina asanu ndi amodzi, koma ofunika anali amodzi okha, a pakhomo. Wokhala pamenepo ndiye ankaona kuwala kwa dzuwa, ndiye ankamenyedwa kamphepo, ndiye ankayamba kupatsidwa moni ndi makasitomala. Ena onse ankasokera m'kati, mu utsi wa simbi ya makala ndi fungo la thukuta la anzawo. Ndipo kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, pampando wa pakhomowo pankakhala munthu mmodzi, a Chitendene.

Dzinali analipeza pantchito. Matelala ambiri amaponda makina ndi mapazi onse awiri, koma iwo ankati zimenezo ndi za ophunzira. Akafika m'mawa ankavula nsapato, phazi lamanzere n'kuliika pa chitini cha mabatani kuti lipume, lamanja n'kulikhazika pa chopondera. Chitendene pansi, zala m'mwamba, zala pansi, chitendene m'mwamba, makina n'kumalira ngati mvula ya pa malata. Anthu odutsa mumsewu ankaima n'kumayang'ana, osati nsalu, koma phazilo. Iwo ankadziwa kuti akuwaonerera, ndiye ankawonjezera moto.

Tisawanamizire, munthu ankasoka. Analowa mu shopumo ndi tsache losesera zidutswa za nsalu, n'kukwera mpaka pakhomo ndi singano yawo, popanda wowanyamula. Msoko wawo unkakhala ngati aujambula ndi rula. Kolala yawo sinkapindika ngakhale ichapidwe kangati. Ngakhale mkazi wawo anamupeza ndi msoko: anabwera kudzakonzetsa zipi ya siketi, n'kubweranso sabata yotsatira ndi siketi ina imene zipi yake inalibe vuto lililonse. Ana atatu anaphunzira sukulu ndi phazi lamanja lija, ndipo iwo sankalola kuti wina m'nyumbamo aiwale zimenezi.

Koma pakamwa, abale inu! Pakamwa pawo panali lezala. Mnzawo akamaliza kusoka malaya, ankangotambasula dzanja osamuyang'ana n'komwe, n'kutembenuza malayawo kuti aone msoko wa m'kati. Akapeza polakwika ankaimirira, n'kuonetsa shopu yonse, kenako n'kuphwasula msokowo pang'onopang'ono mwini wake akuona. Enawo ankaseka. Si kuti zinali zoseketsa ayi, koma ukaseka lero unkakhala ngati wadziombola mawa. Lezala limeneli sankalisiya kuntchito. Mwana wawo wamkazi atasoka diresi lake loyamba, n'kubwera nalo akumwetulira, anamuphwasulira lonse pa tebulo lodyera, mpaka mwanayo sanagwirenso singano moyo wake wonse.

Amene anatafunidwa kwambiri anali mayi wina amene iwo anamutcha Tsimphi. Mwendo wake wamanzere unapuwala ali mwana, unali waufupi ndi wowonda, ndipo ankavala nsapato ya soli yokhuthala ngati njerwa. Wamanja unali wabwinobwino, wamphamvu kuposa wa amuna ambiri, poti unkagwira ntchito ya miyendo iwiri. Tsiku limene anabwera kudzafuna ntchito, mwini shopu anamukhazika pa makina opondaponda, ndipo anamaliza buluku la sukulu mwini shopuyo asanamalize tiyi. A Chitendene anatembenuza msoko, anausanthula, anaukoka, osapeza chonena. Ndiye ananena china.

"Bwana, kasitomala akalowa n'kuona uyu akutsimphina ndi buluku lake m'manja, sadzaganiza kuti lituluka mwendo wina wautali wina waufupi?"

Shopu yonse inafa ndi phwete. Mwini shopu naye anaseka mpaka kutsamwa, ndipo munthu amene wasekedwa ndi bwana wake sakhalanso poonekera. Tsimphi anamuika kumbuyo kwenikweni, pakona pafupi ndi simbi, pa kamakina kopukusa ndi dzanja. Ntchito yake inali yopinda mipendero, kusokerera mabatani ndi kusunga bokosi la ulusi. Anakhala pamenepo zaka khumi ndi chimodzi. Ndipo sabata sinkatha a Chitendene osamuponyera nthabwala yawo ya pamtima: "Iwe Tsimphi ndiwe wamwayi. Ukamasoka buluku lako nsalu imakutsalira. Ya mwendo uwo itha kukwana kabudula wa mwana." Iye ankangoluma ulusi n'kupitiriza kupukusa.

Matenda a shuga anawalowa mwakachetechete ali ndi zaka makumi asanu. Ludzu losatha, kutaya madzi pafupipafupi, buluku kuyamba kukhwepa m'chiuno. Mkazi wawo anawakokera kuchipatala, kumene anawapatsa mapilitsi ndi pepala la zakudya zoti asiye. Mapilitsi ankamwa akakumbukira. Pepala analipinda kanayi n'kutsamizira mwendo wa makina umene unkagwedera. Tiyi wawo anakhalabe wa masupuni anayi, kanayi pa tsiku, poti ankati telala wopanda shuga m'tiyi ndi makina opanda mafuta.

Phazi linayamba kusintha, koma iwo chilichonse ankachimva mozondoka. Litasiya kutuluka thukuta, anati lakhwima. Pansi pa shopu ya matelala sipasowa mapini ndi singano zothyoka, ndipo tsiku silinkatha wina osakuwa kuti "Mayo!" Iwo ankayenda opanda nsapato kuchoka pakhomo mpaka kumbuyo, n'kukhala pansi, n'kuzula pini kuphazi, n'kuikweza m'mwamba. "Mukuona? Phazi la mwamuna ili. Anuwo ndi mabanzi." Tsiku lina khala la moto linagwa m'simbi, iwo n'kuliponda, ndipo anadziwira fungo. Anaseka kuposa onse.

Mkazi wawo sanaseke. Iye ndiye ankachapa masokosi ndi kupolisha nsapato, ndipo anaona kuti pamwamba pa nsapato pakutuluka timapiri pamene zala zikukankha. Zalazo zinali zitayamba kupindika ngati za nkhuku. Pansi pa phazi, paja pamayambira zala, mnofu wofewa unali utatha, patatsala khungu louma ndi chikang'a cholimba ngati soli.

"Bambo, phazi ili si lija ndinalipeza," anatero tsiku lina akuwapatsa madzi osamba.

"Nanga iwe nkhope yako ndi ija ndinaipeza?"

Nkhani inathera pomwepo.

Chimene chinawaopsa chinali nyimbo ya makina. Kumbuyo kwa phazi kunayamba kukana kutsika. Mtsempha waukulu uja wotsikira ku chitendene unauma gwa, akakolo osapindikanso, moti chopondera ankachikankha ndi kutsogolo kwa phazi kokha, bondo likuthandizira. Mvula ya pa malata ija inasanduka yodukizadukiza. Anathira makina mafuta. Anasintha lamba. Anatukwana wokonza makina pamaso pa makasitomala. Pomaliza, masana ena anzawo atapita kukadya, anatenga kabotolo ka mafuta a makina n'kudontheza pa akakolo awo, kutikita ndithu. Atakweza mutu anapeza Tsimphi akuwayang'ana ali pakona pake. Maso akewo anawanyansa kuposa mawu.

Tsiku lokatenga mapilitsi, namwino wina wa maso akuthwa anawauza kuti avule nsapato. Anatulutsa kaulusi kolimba ka nayiloni, n'kuwauza kuti atsinzine, azinena kuti eya akamva kakuwakhudza kuphazi. A Chitendene anatsinzina diso limodzi ndi theka. Dzanja la namwino likasuntha, iwo, "Eya." Likasunthanso, "Eya."

"Bambo, katatu komalizaka sindinakukhudzeni n'komwe."

Anachita manyazi, ndipo manyazi awo nthawi zonse ankatulukira m'mkwiyo. Koma namwinoyo sanawapatse mpata. Anagwira phazi n'kulikankhira m'mwamba, phazi osapita.

"Mwati ndinu telala? Ndiye mukudziwa mmene lamba wa makina amachitira akakalamba. Amauma, amachita gwa, sakoka bwino. Shuga akachuluka m'magazi zaka zambiri amachita zomwezo ndi mitsempha iyi. Wa kumbuyowu wauma n'kufupika, n'chifukwa chake thupi lanu lonse likutsamira apa, kutsogoloku. Zala zapindika, zakokera kutsogolo kamtsamiro ka mafuta kamene kamakhala pansipa, tsopano fupa likuponda pa khungu lokha. Chikang'a ichi si mphamvu ayi, pansi pake pakhoza kuphikika chilonda. Ndipo ululu, umene ukanakuchenjezani, unachoka kale."

Anawauza malamulo: asayende opanda nsapato, asapale chikang'a ndi lezala, aziyang'ana kuphazi ndi kagalasi tsiku lililonse, pakang'ambika abwere tsiku lomwelo. Ndipo chopondera achisiye kaye. "Kulibe makina opukusa ndi dzanja kuntchito kwanuko?"

"Aliko," anayankha akuvala nsapato. "Ndi a olumala."

Kunatsala masabata awiri kuti sukulu zitsegulidwe, nyengo imene shopu imadzaza ndi mipukutu ya nsalu za yunifolomu mpaka kudenga. Mwini shopu nayenso anali ndi makutu. Lolemba m'mawa anaima pakhomo, n'kuyang'ana mulu wa a Chitendene, n'kuyang'ana milu ya ena, ndipo analankhula ngati akuuza khoma.

"Pakhomo pamafuna liwiro. Amene mulu wake utsalire pofika Loweruka la sabata yamawa, tisinthana mipando. Palibe anabadwira pampando."

Sanatchule dzina, koma maso onse anagwera pa phazi limodzi. A Chitendene anamva mantha enieni. Imfa sankaiopa choncho. Chimene ankaopa ndi kunyamula tepi ndi sizasi n'kudutsa pakati pa anthu amene anawaphwasulira misoko zaka zonsezi, ulendo wa kumbuyo.

Ndiye anayamba kufika m'mamawa, ena asanabwere, n'kumapala chikang'a chija ndi lezala kuti phazi ligwire bwino chopondera. Ankapala mwaluso, ngati akuchepetsa m'mphepete mwa kolala. Lachitatu lezala linafika pa kadontho kakuda kamene kanabisala pansi pa chikang'acho, ndipo khungu linangotseguka lokha. Linali bala laling'ono, kutalika kwake ngati kabowo ka batani la jekete, la milomo yoyera, m'kati mofiira ndi monyowa. Silinkapweteka ngakhale pang'ono. Anamangapo kachidutswa ka nsalu, koma ataponda kawiri katatu kanavuka, ndipo magazi anadetsa chopondera. Malaya oyera a sukulu akanangogwera pamenepo, bwana akanadziwa zonse.

Anaganiza za chipatala. Mzere wa tsiku lonse, kenako namwino uja ndi malamulo ake, kenako masabata ali chigonere, pampando patakhala wina. Anayang'ananso balalo, ndipo maso amene anayang'ana anali a telala. Chinthu chikang'ambika amachitani? Amachisoka.

"Iwe Tsimphi! Bweretsa bokosi la ulusi."

Iye ankafika m'mamawa masiku onse, poti ankayenda pang'onopang'ono ndipo sankafuna kutsimphina msewu utadzaza anthu. Anabwera nalo bokosilo, nsapato yake yolemera ikugunda pansi. Ataona phazi lili pabondo, lezala lili pambali, anaima.

"Bambo, mukufuna kutani?"

"Ukuona ngati ndikufuna kuvina? Ulusi wolimba, uja timasokera zikwama."

"Bambo, thupi si nsalu. Amalume anga anali ndi shuga, ndinaona ndi maso angawa. Bala lotere salitseka, limafuna kutsukidwa. Pitani kuchipatala. Mulu wanu ndikusokerani ine, bwana ndiwauza kuti mwapita kukatenga mapilitsi."

Anali mawu abwino, mwina abwino kuposa onse amene anawamvapo mu shopumo. Koma iwo anamvamo chinthu chimodzi chokha: Tsimphi pa makina a pakhomo.

"Ohoo! Ndiye zimene wakhala ukudikira? Taonani abale, wopanda mwendo akuphunzitsa mwini mwendo za miyendo! Amako akanakhala odziwa za miyendo ngati iwe, bwenzi ukuyenda ngati munthu. Ndipatse ulusi, ubwerere kukona kwako."

Nkhope ya Tsimphi inangoti zii. Kenako anatsegula bokosi, n'kumayendetsa chala pa mipukutu ya ulusi ngati ali ndi kasitomala.

"Wakuda kapena wabulawuni?"

"Wakuda."

Anadula ulusi, anaunyowetsa ndi milomo, anaulowetsa yekha pa singano poti maso a bambowo anali atayamba kuchita nkhungu, n'kumanga mfundo kumapeto. Anawapatsa mwaulemu wonse.

A Chitendene anapukuta singano pa malaya n'kuyamba. Singano inkalowa m'khungu ngati m'chikopa cha lamba, iwo osamva kanthu, akuimba kamluzu. Anabaya kasanu ndi kawiri, motalikirana bwinobwino, ndipo milomo ya bala inakumana osakwinyika. Anamanga mfundo, n'kudula ndi sizasi poti mano sakanafika. Kunena zoona, unali msoko wokongola.

Masiku atatu makina analira pafupifupi ngati kale. Ankaponda ndi ukali, mulu unkatsika, mwini shopu anagwedeza mutu mokhutira. Kuntchito anayamba kuponda atavala sokosi, ati ndi fasho yatsopano. Kunyumba ankasamba atadzitsekera, sokosiyo osaivula pamaso pa munthu. Lamlungu masana atawodzera pampando, mkazi wawo anagwada n'kuyamba kuikoka pang'onopang'ono. Phazi silinamve, koma maso anatseguka, ndipo anamumenya dzanja mpaka chibangili kuduka.

"Phazi limene limakudyetsa usaligwire ngati nsanza."

Lolemba nsapato inakana kulowa, iwo n'kuing'amba pamwamba ndi lezala lomwe lija. Lachiwiri ankanjenjemera dzuwa lili paliwombo, atavala jekete. Lachitatu mu shopu munayamba fungo. Matelala anasuntha makabati kufunafuna khoswe wakufa, anakhuthula mabasiketi a zidutswa, osapeza kanthu. Tsimphi sanafufuze nawo. Ankapukusa makina ake, ndipo nthawi zina ankakweza maso n'kuyang'ana sokosi ija, imene inali itanyowa, ntchentche ziwiri zitaipeza kale.

Lachinayi masana, pakati pa msoko wa kabudula, a Chitendene anaona singano zitakhala ziwiri, kenako zinayi. Anagwa chammbali, chitini n'kugubuduka, mabatani mbwee mpaka mumsewu.

Kuchipatala anadula sokosi ndi sizasi, ndipo mkazi wawo, amene anathamangira konko atamva uthenga, anagwira pakamwa n'kutembenukira kukhoma. Phazi linali litatupa ngati buledi, kufiira kutakwera mpaka pa katumba, zala ziwiri zitada bii. Pakati pa zonsezo panali msoko uja, uli nji, osasomoka ngakhale pamodzi. Dokotala anawerama, anayang'ana, n'kuitana anzake awiri kuti adzaone.

"Wasoka apa ndani?"

Ngakhale thupi linali moto, mutu ukuzungulira, a Chitendene anamva kunyada. "Ndine."

"Munasoka bwino, bambo. Simunasiye mpata ngakhale wa dontho limodzi. Bala likanakhala lotseguka, mafinya akanatuluka. Atasowa khomo analowera m'kati, n'kutsata mitsempha ija ngati madzi m'mipope, kukwera mwendo." Anadula ulusi, ndipo zimene zinatuluka si zofotokoza anthu akudya.

Mwendowo anaudula m'munsi mwa bondo tsiku lotsatira. Atamasula bandeji koyamba, a Chitendene anayang'ana chitsacho nthawi yaitali. Sanalire. Anayendetsa chala pafupi ndi msoko wa dokotala, wokhotakhota, wokwinyika m'makona ngati pakamwa pa thumba.

"Munthu ameneyu ndikanakhala bwana wake, ndikanamuchotsa ntchito," anatero.

Mkazi wawo, amene anali atatha masiku asanu ndi atatu akugona pa katoni pambali pa bedi lawo, anaika kapu pansi. "Msoko woipawo ndi umene wakusiyani ndi moyo. Wabwino uja anautaya limodzi ndi phazi lake." Pa zaka makumi atatu za ukwati, aka kanali koyamba kuwayankha.

Chiyembekezo chinatsala chimodzi, phazi lamanzere, limene linapuma pa chitini zaka zonse. Namwino wa maso akuthwa uja analikankhira m'mwamba, nalonso osapita. Zala zake zinali zitapindika chimodzimodzi, kachikang'a katayamba kale. "Shuga sasankha phazi lolimbikira ntchito," anatero. "Ili mukaliika pa chopondera, tidzakumananso chaka chisanathe."

Anakhala kunyumba miyezi inayi. Ana anabwera, anaima m'mbali mwa khoma ngati alendo, n'kubwerera. Wa ku shopu palibe anaponda pakhomo, kupatula mwini shopu amene anadzasiya tepi ndi sizasi m'kapepala ka pulasitiki, injini ya galimoto osazimitsa. Ndipo taonani nkhanza za thupi: phazi limene silinamve pini, khala kapena singano, linayamba kupweteka tsopano litachoka. Akakhala pakhonde masana ankalimva likubayidwa kasanu ndi kawiri pansi pa zala, n'kutambasula dzanja kuti aligwire, dzanja n'kugwira mphepo. Nthawi zina bondo linkayamba lokha kukwera ndi kutsika, kuponda makina amene panalibe.

Tsiku lobwerera ku shopu anapita pa ndodo ziwiri, mwendo wa buluku mkazi ataupinda n'kuumanga ndi pini. Makina a pakhomo anawamva ali patali, asanakhote n'komwe. Mvula ya pa malata, yosadukiza. Anthu awiri anali ataima mumsewu akuonerera. Pa chopondera panali phazi limodzi lamanja, ndipo pa chitini cha mabatani panatsamira nsapato ya soli yokhuthala ngati njerwa.

Mwini shopu anawalandira ndi chisoni cha pakamwa. Anati munthu wa zaka zambiri chonchi sangamutaye, malo alipo, kumbuyo, pa kamakina kopukusa. Ndiye ulendo uja ankauopa anauyenda ndithu, go, go, go, pakati pa makina, anzawo atasiya kuponda. Palibe anaseka mokweza. Wina anangoti, "Chaona mnzako chapita," mnzake n'kumalizira chapansipansi. Atafika pafupi ndi simbi pini ija inamasuka, mwendo wa buluku n'kugwa, ndodo n'kuuponda. Anadzandira n'kugwira khoma.

"Aaa, izi zigwetsa munthu," anatero mwini shopu. "Amayi, tawakonzereni buluku bambowa."

Amayi. Dzina lakuti Tsimphi linali litatha mu shopumo. Anabwera ndi tepi pakhosi ndi choko m'manja, osafulumira. Anawakhazika pampando umene iye anakhalira zaka khumi ndi chimodzi, anagwada, n'kuyeza kuchoka m'chiuno kufika pachitsa. Analemba mzere woyera. Kenako anatambasula nsalu yotsalayo, yonse, kuti aliyense aione.

"Ndinu amwayi, bambo. Nsalu yakutsalirani. Iyi itha kukwana kabudula wa mwana."

Apa ndiye shopu inaphulika. Anaseka mpaka wina kugwetsa sizasi, wina kugona pa makina, ndipo ulendo uno panalibe wodziombola, chinali chiseko cha pansi pa mtima. A Chitendene anafunafuna lezala lija pakamwa pawo, osalipeza. Misozi imene inakana kutuluka kuchipatala inatuluka pamenepo, pamaso pa anthu onse, ndipo palibe anayang'ana kumbali.

Mayiyo anawapatsa chidutswa cha nsalu ya yunifolomu kuti adzifunde m'chiuno, n'kutenga buluku kupita nalo pakhomo. Makina analira pang'ono chabe. Atalibweretsa, manja a a Chitendene anachita zimene anazolowera eni ake asanawatume: anatembenuza mwendo wa buluku kuti aone msoko wa m'kati. Anausanthula. Anaukoka. Anauyandikizira kumaso. Unali wowongoka ngati aujambula ndi rula, wa ulusi wakuda, wokhuthala kuposa umene buluku limafuna.

Mayiyo anawerama n'kuyankhula motsitsa, kuti amve iwo okha.

"Musavutike kukoka, bambo, sungaduke. Mukuudziwa. Ndi ulusi womwe uja, ndinasunga wotsala."

Anawaikira pa tebulo mulu wa makabudula oti asokerere mabatani, n'kubwerera pakhomo, nsapato yake ikugunda pansi.